Mawanga a Padzuwa: Kuwawerenga Tili Kuno ku Joni

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti thambo la Johannesburg limakhala mbee, sabata ndi sabata osaona mtambo. Ambiri a ife ochokera ku Mangochi, ku Mzimba, ku Dedza kapena ku Chipata nyengoyi timaidziwira ku chisanu cha m'mamawa podikira takisi, ndi milomo yong'aluka. Koma nyengo yomweyi ndi imene imakomera munthu wofuna kuwerenga mawanga a padzuwa. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake m'chisanu ndi wouma, ndipo dzuwa limaoneka pafupifupi m'mawa uliwonse. Ku Ulaya, kumene ntchitoyi inayambira, anthu amatha sabata yathunthu akulimbana ndi mitambo.

Banga la padzuwa si dzenje, komanso si chinthu chotsekereza dzuwa. Ndi malo amene aziziriko poyerekeza ndi owazungulira. Nkhope ya dzuwa imatentha madigiri pafupifupi 5,500, pomwe pakati pa banga lalikulu pamatentha madigiri 3,500 kapena kupitirirako pang'ono. Kumeneko n'kutentha koopsabe, koma pambali pa kuwala kwa malo enawo pamaoneka bii. Chimene chimaziziritsa ndi maginito. Pansi pa nkhope ya dzuwa mpweya wotentha umabwata ngati phala pamoto, wotentha kukwera, woziziriko kutsika. Pamene maginito aunjikana kwambiri amaumanga mpweyawo, kubwata kuja kumachepa, ndipo kutentha kochokera m'kati sikufika bwino pamwamba. Mphamvu ya maginito pakati pa banga imafika magauss 2,000 mpaka 3,000 (gauss ndi muyeso wa mphamvu ya maginito). Ya dziko lathu, imene imatembenuza singano ya kampasi, kuno sifika ngakhale theka la gauss imodzi. Choncho wowerenga mawanga akuwerenga maginito a dzuwa, ngakhale m'manja mwake muli pensulo ndi pepala basi.

Poyamba maso

Musayang'ane dzuwa kudzera mu telesikopu kapena ma binoculars opanda fyuluta yoyenera, ngakhale kwa kamphindi. Kuseri kwa diso, kumene kumapsako, sikumva kuwawa, ndiye munthu amazindikira zitavuta kale. Magalasi a dzuwa, galasi lodetsedwa ndi utsi, CD, filimu ya X-ray, zonsezi sizitchinga kanthu. Timafyuluta takuda tomangira pa eyepiece (kagalasi koikapo diso poyang'ana), timene timabwera ndi matelesikopu otchipa akale, tayani: timakhala pamalo pomwe kutentha konse kwasonkhana ndipo timang'aluka mosachenjeza. Fyuluta yeniyeni imavalidwa kutsogolo kwa telesikopu, monga pepala la Baader AstroSolar la ND 5.0. Pali lina la ND 3.8, limenelo ndi lojambulira zithunzi lokha, osati la maso.

Njira imene ndimaikonda, chifukwa ndi yotchipa ndiponso diso silifika pa telesikopu n'komwe, ndi yogwetsera chithunzi cha dzuwa papepala. Pamafunika telesikopu yaing'ono ya magalasi, ya mamilimita 60 kukamwa ndi focal length (mtunda wochokera pagalasi lakutsogolo kukafika pamene kuwala kumasonkhana) ya mamilimita 700, yofanana ndi zija zimapezeka m'mashopu a katundu wogwiritsidwapo kale ntchito. Ikani eyepiece ya mamilimita 20. Onetsetsani kuti m'kati mwake ndi chitsulo ndi galasi, chifukwa pulasitiki imasungunuka, ndipo mukamva fungo la kupserera ndiye kuti yapita. Matelesikopu otseka kutsogolo ndi galasi, a mtundu wa Maksutov kapena Schmidt-Cassegrain, sayenera njira imeneyi, kutentha kumatsekeredwa m'kati n'kuwononga zomatira. Katelesikopu kakang'ono kolozera kali pamwamba kaja, kachotseni kapena katsekeni ndi chivindikiro chomatidwa ndi tepi. Mwana wodutsa amathamangira pomwepo.

Papepala loyera jambulani bwalo la mamilimita 150 m'mimba mwake, n'kuliphatika pakabolodi. Ndi zipangizo zimenezi chithunzi cha dzuwa chimadzaza bwalolo pepala likakhala masentimita 45 mpaka 48 kuchokera pa eyepiece. Boolani katoni yaikulu n'kuiveka pathupi la telesikopu kuti ichite mthunzi papepalapo, apo ayi chithunzi chimatuwa ndipo timawanga tating'ono timasowa. Polozetsa, yang'anani mthunzi wa telesikopu pansi: ukafupika n'kukhala kabwalo, dzuwa lalowa. Pabwalo limeneli dziko lathu lonse likanakhala kadontho ka milimita imodzi ndi theka losakwana, popeza dzuwa ndi lalikulu kuwirikiza 109 m'mimba mwake. Banga lokula ngati njere ya mpunga papepala lanu ndi lalikulu kuposa dziko kangapo.

Nthawi yabwino ndi pakati pa 8 ndi 10 koloko m'mawa. Dzuwa likakwera, malata, matailosi ndi phula zimayamba kutulutsa mpweya wotentha, ndipo m'mphepete mwa chithunzi mumanjenjemera ngati madzi owira. Ku Diepsloot kapena ku Cosmo City, kumene nyumba zathithikana, funani malo amene telesikopu ikuyang'ana pamwamba pa udzu kapena bwalo la mpira, osati pamwamba pa denga la mnansi. M'chisanu utsi wa mbaula ndi wa moto wolusa m'tchire umatsika m'mamawa, ndiye kulawirira kwambiri sikuthandizanso. Mu Ogasiti mdani ndi mphepo: mangani botolo la madzi la malita 5 pakati pa miyendo ya telesikopu. M'dzinja, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, mitambo ya mabingu imakonda kuunjikana masana, choncho wochedwa amaphonya tsikulo.

Chithunzi chikakhazikika, siyani telesikopu osaikhudza. Dzuwa liyenda lokha papepala, ndipo limatenga mphindi ziwiri zokha kusuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake. Mbali imene ikutsogola ndiyo kumadzulo. Tsatirani banga limodzi ndi timadontho ta pensulo, mulumikize, ndipo mwapeza mzere wa kum'mawa ndi kumadzulo. Kenako kankhirani telesikopu chakumpoto pang'ono: mbali ya dzuwa imene ikutsalira pomaliza m'chithunzi ndiyo kumpoto. Popanda zimenezi zojambula za Lolemba ndi za Lachinayi sizingayerekezedwe.

Fumbi la pagalasi limanamiza anthu ambiri oyamba kumene. Zungulizani eyepiece pang'ono. Kadontho kakazungulira nawo, ndi fumbi. Kuti muone timawanga tosaoneka bwino, gwedezani kapepala kena koyera pamwamba pa chithunzicho. Maso amasiya kuona timizere ta pepala n'kuona za padzuwa zokha.

Tsopano kuwerenga. Njira yake anaikhazikitsa Rudolf Wolf wa ku Switzerland mu 1848, ndipo ikugwirabe ntchito: werengani magulu, chulukitsani ndi 10, n'kuwonjezerapo mawanga onse limodzilimodzi. Magulu 3 okhala ndi mawanga 14 onse pamodzi amapereka 44. Banga limodzi lokhalokha ndi gulu palokha, ndiye nambala yake ndi 11, osati 1. Pamene anthu amasiyana kwambiri ndi pogawa magulu, chifukwa kulakwitsa gulu limodzi kumasintha nambala ndi 10. Gulu lenileni limatambalala chakum'mawa ndi kumadzulo, banga lalikulu lili kutsogolo, ang'onoang'ono akutsatira. Mawanga otalikirana madigiri oposa 10, kumene pakati pa bwalo lanu ndi mamilimita 13, kawirikawiri ndi magulu awiri. M'mphepete mwa dzuwa zinthu zimaoneka zopanikizana, choncho mamilimita ochepa kumeneko ndi mtunda wautali. Komanso kumbukirani kuti chowerengedwa ndi kachikati kakuda kaja, kotchedwa umbra. Tikakhala titatu m'kati mwa mphete imodzi yotuwa, ndi mawanga atatu.

Lembani tsiku, nthawi ya UT, imene ndi nthawi yathu kuchotsapo maola awiri, ndi mmene mpweya unalili. Tsiku lopanda banga lembani 0. Tsiku la mitambo siyani mpata. Ziwirizi n'zosiyana kotheratu, ndipo kuzisokoneza kwavutitsa kwambiri akatswiri amene amasanthula mabuku akale a zaka za m'ma 1600. Musayang'ane nambala ya pa intaneti musanawerenge nokha, chifukwa diso limayamba kuona zimene lauzidwa. Ndipo musasinthesinthe telesikopu. Ofesi ya SILSO ku Royal Observatory of Belgium, imene imasonkhanitsa nambala za dziko lonse kuyambira 1981, imapatsa wowerenga aliyense kachiwerengero kake kotchedwa k, kowongolera kusiyana kwa maso ndi zipangizo. Munthu amene nthawi zonse amaona mawanga ochepa ndi wothandiza ndithu, bola azichepetsa mofanana chaka ndi chaka. Wovuta ndi amene lero wawerenga chonchi, mawa mwina.

Zimene zimaoneka zaka zikaunjikana

Sabata ziwiri zokha zikuonetsani kuti dzuwa limazungulira: banga limasuntha madigiri pafupifupi 13 patsiku, n'kudutsa nkhope yonse m'masiku 13 kapena 14. Zotsalazo zimafuna zaka. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Heinrich Schwabe, wogulitsa mankhwala wa ku Dessau ku Germany, anayamba kujambula dzuwa mu 1826 akufunafuna pulaneti imene ankaganiza kuti ili pafupi ndi dzuwa kuposa Mercury. Pulanetiyo sanaipeze, koma atatha zaka 17 anaona m'mabuku ake kuti mawanga amachuluka n'kuchepa pa zaka pafupifupi 10. Wolf anafukula zolemba zakale n'kupeza kuti avareji yake ndi zaka 11, ndipo mikombero imeneyi, ya kuchuluka ndi kuchepa kwa mawanga, timaiwerenga kuyambira wa 1755. Panopa tili mu wa nambala 25, umene unayamba mu Disembala 2019.

Zaka 11 zimenezi musazitenge ngati kalendala. Mikombero ina yatha m'zaka 9, ina yafika 13 ndi kupitirira. Kukwera kumafulumira kuposa kutsika, ndipo mkombero wamphamvu umakwera msanga kuposa wofooka. Nsonga yake kawirikawiri imakhala iwiri, chifukwa theka lakumpoto la dzuwa ndi lakum'mwera sizifika pachimake nthawi imodzi. N'chifukwa chake nambala ya mwezi umodzi sinena zambiri. Akatswiri amatenga avareji ya miyezi 13, kutanthauza kuti chimake cha mkombero chimadziwika patatha theka la chaka kapena kuposa chitadutsa kale.

Chinthu chokongola kwambiri pa zonsezi, kwa ine, ndi malo amene mawanga amatulukira. Mkombero ukamayamba, amaoneka kutali ndi ikweta ya dzuwa, pa madigiri 30 mpaka 35 kumpoto ndi kum'mwera. Pachimake amakhala cha pa 15. Pomaliza amatulukira cha pa 7 kapena 8. Banga lililonse palokha silisamuka; ndi malo obadwira atsopano amene amasendera ku ikweta. Richard Carrington ndi Gustav Spörer ndiwo anazindikira zimenezi, ndipo mu 1904 Walter Maunder, amene ankagwira ntchito limodzi ndi mkazi wake Annie, anasindikiza chithunzi choika malowo motsatira zaka. Chinatuluka ngati agulugufe ondondozana, phiko lina kumpoto, lina kum'mwera.

Mu 1908 George Ellery Hale, pa Mount Wilson ku California, anatsimikiza kuti m'mawanga muli maginito, poona mmene mizere ya kuwala kwawo imagawikira. Patapita zaka, iye ndi anzake anapeza lamulo limene linasintha nkhani yonse. M'gulu lililonse banga lotsogola ndi lotsatira ali ndi maginito otsutsana, ngati nsonga ziwiri za maginito amodzi. Ngati kumpoto kwa ikweta otsogola onse ali a mtundu wina, kum'mwera otsogola ndi a mtundu winawo. Mkombero wotsatira zonse zimatembenuka. Ndiye kuti dzuwa limabwerera pamene linayambira patatha zaka 22, osati 11. Zaka 11 zija ndi theka chabe la ulendo.

Chimayendetsa zimenezi n'chakuti dzuwa si chinthu cholimba. Pa ikweta limazungulira m'masiku 25, chakunsonga masiku pafupifupi 35. Mizere ya maginito yoyenda kuchokera kumpoto kupita kum'mwera imakokedwa ndi ikweta yothamangayo n'kukulungidwa mozungulira dzuwa, monga luzi pamtengo. Ikakungika kwambiri imayandama, n'kutumphukira kunja ngati chingwe chopotedwa mopitirira, ndipo pamene yatulukira ndi pamene yalowereranso ndi pomwe pali mawanga awiri aja. Gululo limapendekeka pang'ono, banga lotsogola lili chakufupi ndi ikweta. Mawanga akamaphwasuka, maginito a otsatira amatengedwa ndi mpweya woyenda pang'onopang'ono, mamita 10 mpaka 20 pa sekondi, kupita kunsonga za dzuwa. Kumeneko amafafaniza maginito akale n'kukhazikitsa otsutsana nawo. Kutembenukaku kumachitika cha pachimake pa mkombero. Maginito atsopano a kunsongawo ndiwo mbewu ya mkombero wotsatira, ndipo kuwayeza pa nthawi imene mawanga achepetsetsa ndiyo njira yodalirikako yolosera mphamvu ya umene ukubwera. Kulosera mikombero iwiri kapena itatu kutsogolo palibe amene amatha, ndipo wokuuzani motsimikiza za dzuwa la 2060 mumumvere mochenjera.

Ngakhale wotsatira weniweniwo umazemba. Gulu la akatswiri loitanidwa ndi mabungwe a ku America a NOAA ndi NASA linalosera mu 2019 kuti mkombero wa 25 udzafika pachimake pa nambala ya mawanga ya 115 cha mu Julayi 2025. Unafika pafupifupi 160 chakumapeto kwa 2024. Poyerekeza, wa 24 unafika 116 mu Epulo 2014, wofooka kuposa yonse pa zaka pafupifupi 100, pomwe wa 19 unafika 285 mu 1958, waukulu kuposa yonse yolembedwa. Apa chenjerani ndi mabuku akale: mu 2015 SILSO inakonzanso nambala zonse, n'kuchotsa kachiwerengero ka 0.6 kamene ankachulukitsira ku Zürich ku Switzerland, kumene nambalazi zinkasonkhanitsidwa kale. Mkombero wa 19 womwewo m'mabuku akale umalembedwa 201. Kusakaniza nambala zakale ndi zatsopano kumabala mfundo zabodza.

Mukaika mikombero yonse pamzere, yofooka imaoneka cha m'ma 1800 mpaka 1820, kenako cha m'ma 1900, kenako cha m'ma 2010. Funde lalitali limeneli, la zaka 80 mpaka 100, limatchedwa ndi dzina la Wolfgang Gleissberg. Taliona katatu kokha, choncho ndi bwino kulitenga ngati chizolowezi cha dzuwa, osati lamulo.

Ndiye pali zaka za 1645 mpaka 1715, pamene mawanga anangotsala pang'ono kuzimiririka. Sikuti anthu sankayang'ana. Ku Paris kunali akatswiri oyang'ana dzuwa mwakhama, ndipo ochepa amene ankawaona anali makamaka kum'mwera kwa ikweta. John Eddy ndiye anaitsitsimutsa nkhaniyi mu 1976 n'kuitcha Maunder Minimum. Umboni wina unachokera m'mitengo. Maginito a dzuwa akalimba amatchinga tinthu tothamanga kwambiri tochokera kutali m'mlengalenga, totchedwa cosmic rays. Akafooka timalowa tambiri, n'kupanga mtundu wina wa kaboni wotchedwa carbon-14 wochuluka mumpweya, amene mitengo imamusunga m'mizere ya zaka zake. Madzi oundana a ku Greenland ndi ku Antarctica amasunganso beryllium-10 mwanjira yofananayo. Zimenezi zimatibweza m'mbuyo zaka masauzande angapo, ndipo zimaonetsa kuti dzuwa lagonapo chonchi kambirimbiri, monga cha m'ma 1460 mpaka 1550. Kusinthana kwa mawanga ndi cosmic rays kumayezedwa muno momwe: ku Hermanus, tauni ya ku Western Cape, kuli makina owerenga tinthuti kuyambira 1957, ndipo mzere wake umatsika mawanga akakwera.

Funso limene abale ambiri amafunsa ndi la mvula. Kodi chilala cha kumudzi chimabwera ndi mawanga? Kuwala konse kwa dzuwa kumasintha ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 okha pa mkombero wathunthu. Zilala zazikulu za kum'mwera kwa Africa, monga za 1991/92, 2015/16 ndi 2023/24, zinagwa m'zaka za El Niño, pamene madzi a mbali ina ya nyanja ya Pacific amatentha kuposa nthawi zonse, ndipo mlimi wa ku Balaka apindula kwambiri kumvera za nyanja ya Pacific kusiyana ndi za mawanga. Kutentha kwa dziko kwa masiku anonso sikungakankhiridwe kudzuwa: kuyambira m'ma 1980 mikombero inkafookerafookera mpaka wa 24, dziko likutentherabe.

Pamene zimatikhudza

Amene anakulira pa wailesi ya shortwave, kumvera Channel Africa m'Chinyanja kuchokera kuno ku Johannesburg, anamva mkombero wa dzuwa ndi makutu awo osadziwa. Mawanga akachuluka, mpweya wa kumwamba kwambiri umene umabweza mafunde a wailesi umalimba, ndipo mabandi a mamita 16 ndi 13 amamveka kutali. Akachepa, siteshoni zimatsikira ku mamita 31 ndi 49.

Zoopsa zimachokera ku magulu aakulu amene maginito ake apiringizana. Amaphulika, kuwala kwake kumafika kuno m'mphindi 8, ndipo mtambo wa mpweya wodzaza maginito umatsatira patatha tsiku limodzi mpaka atatu. Carrington anaona kuphulika kotere pa 1 Sepitembala 1859 akujambula mawanga pogwiritsa ntchito njira yogwetsera chithunzi yomweyi, ndipo patatha maola 17 ndi theka mawaya a telegalafu anasokonekera m'mayiko ambiri. Pa 13 Malichi 1989 chigawo cha Quebec ku Canada chinakhala mumdima maola 9.

Kwa nthawi yaitali anthu ankati mavuto amenewa ndi a mayiko a kufupi ndi nsonga za dziko. Namondwe wa maginito wa kumapeto kwa Okutobala 2003 anasintha maganizo amenewo, chifukwa pambuyo pake matransifoma akuluakulu angapo muno mu South Africa anawonongeka. Zimachitika motere. Maginito a dziko akamagwedezeka amayambitsa magetsi oyenda pang'onopang'ono m'nthaka. Magetsiwo amakwera kudzera pa waya wa earth wa transifoma, n'kuyenda m'mawaya aatali a 400 kV ndi 765 kV odutsa dziko lonseli. Chitsulo cha m'kati mwa transifoma chimakhuta maginito mbali imodzi, malo ena amatentha mopitirira, ndipo mapepala otchinga mawaya amayamba kupsa. Transifomayo sifa tsiku lomwelo. Imadwala kwa masabata kapena miyezi, ndipo chizindikiro chimaoneka mu mpweya wosungunuka m'mafuta ake. Izi sizikutanthauza kuti kuthimathima kwa magetsi kumene timakudziwa kuja n'kwa dzuwa, ayi, kumeneko kuli ndi zifukwa zake zapansi pano.

Ku Hermanus komweko kuli malo oyezera maginito a dziko, amene anasamutsidwirako mu 1941 kuchoka ku Cape Town chifukwa sitima zamagetsi zinkasokoneza zipangizo. Ndi amodzi mwa malo anayi okha padziko amene nambala zawo zimapanga Dst, muyeso wa kukula kwa namondwe wa maginito. Kuyambira 2022 bungwe la SANSA, loona za mlengalenga muno mu South Africa, lili ndi likulu kumeneko loyang'anira dzuwa usana ndi usiku, kuchenjeza a ndege, a magetsi ndi ogwiritsa ntchito GPS. Usiku wa pa 10 Meyi 2024, gulu la mawanga lotchedwa AR 3664 litaphulika kangapo motsatizana, thambo linafiira kum'mwera ndipo anthu a kugombe la Western Cape anajambula aurora, kuwala kwa kumwamba kobwera ndi namondwe wa maginito. Gulu limenelo linali lalikulu moti linkaoneka ndi magalasi oonera kadamsana okha, popanda telesikopu.

Onani kuti namondwe wa 2003 anabwera mkombero wa 23 utayamba kale kutsika. Zimatero kawirikawiri: mawanga amachepa chiwerengero, koma magulu ochepa otsalawo amatha kukhala aakulu ndi aukali. Zaka zotsatira chimake cha 2024 ndi za mtundu umenewo.

Woyamba kujambula panopa aona magulu akusendera ku ikweta chaka ndi chaka, masiku a 0 akuyamba kuoneka m'buku mwake, kenako akuchuluka. Mu 2008 ndi mu 2019 masiku opanda banga anapitirira 260 pachaka. Cha m'ma 2030, mawanga omaliza a mkombero wa 25 akadali pafupi ndi ikweta, padzatuluka kabanga kakang'ono kutali, cha pa madigiri 30, mwina kongokhala tsiku limodzi kapena awiri. Pabwalo lanu la mamilimita 150 kadzakhala mamilimita pafupifupi 37 kuchokera pa mzere wa ikweta. Mukakaona, tsegulani chithunzi cha maginito cha SDO, satelayiti ya NASA yoyang'ana dzuwa, cha tsiku lomwelo, chija chakuda ndi choyera, muyerekeze ndi gulu la pafupi ndi ikweta la mbali yomweyo. Ngati kuda ndi kuyera zasinthana malo, kameneko ndi ka mkombero wa 26.